Tulo tilibe fungo

Ife oyendetsa maminibasi mu Lusaka timauka m'ma 04:00, ndipo makiyi timakabweza cha m'ma 21:00. Werengani nokha: ndi maola 17 tili maso. Ofufuza za tulo anapeza kale kuti munthu amene watha maola 17 osagona, maganizo ndi manja ake zimachedwa ngati za munthu amene wamwako mowa.

Mowa a RTSA amaugwira ndi kamakina kopumira kaja. Koma tulo tilibe fungo. Timangokuba masekondi atatu, nthawi zina maso ali chitsegulire. Motoka ikamathamanga makilomita 60 pa ola, pa masekondi atatuwo yayenda mamita 50 yopanda woiyendetsa. Ganizirani mamita 50 a pa Kafue Road, ana asukulu akudumpha msewu.

Mu 2016 boma linaletsa mabasi kuyenda usiku kuyambira 21:00 mpaka 05:00. Lamulo la Employment Code la 2019 limati nchito ya mlungu umodzi ndi maola 48. Ife maola amenewo timawatsiriza m'masiku atatu. Chotiumiriza ndi kashing'i. Mwini basi amafuna ndalama yake yokwana madzulo, mafuta nawo amadya yawo, ndipo yathu ndi yotsalayo. Ndani angaimike basi kuti agone, kashing'i isanakwane? Ukati watopa, mawa makiyi ali ndi wina. Ndiye timangomwa zakumwa zothamangitsa tulo n'kukweza wailesi. Tulo sitipita, timangodikira.

Amene amayamba kuona ndi kondakitala. Iye amadziwa ukayamba kuyasamula motsatizana, ukapitirira siteshoni wina atagogoda kale, ukamalephera kukhala mu mzere wako pamsewu. Koma kondakitala ndi wamng'ono pa nchito, ndipo kuuza dalaivala kuti "Bosi, mwatopa" kumafuna mtima. Enafe tinapangana kuti mawu amenewo akatuluka, palibe kukangana. Timakatsitsa anthu, n'kupatsa makiyi dalaivala wogwirizira, kapena kugona mphindi 20 masana pamene basi ili pa mzere ku Kulima Tower.

Kwa eni mabasi pempho lathu ndi laling'ono. M'mawa mumayang'ana matayala, oilo ndi madzi. Funsaninso kuti tagona maola angati, ndipo tikayankha kuti anayi, musatilande makiyi mpaka kalekale. Tipatseni tsiku limodzi pa mlungu lopanda kashing'i.