Mau a Lamulo la Kusaka Amene Ndinawadziwa Mochedwa

Inu anzanga alimi a ku Dowa ndi ku Ntchisi, ndiri ndi mau amene ndifuna muwamve tchire lisanapse chaka chino. Ine ndine nkhalamba ya kufupi ndi phiri la Kongwe, ndipo mlandu umene nditi ndikuuzeni unagwa pakhomo panga chifukwa cha pakamwa panga.

Chaka chatha, mwezi wa October, mdzukulu wanga amene wangokwatira kumene anadza kwa ine nati, "Agogo, nguluwe zandithera chimanga cha kudimba. Nditani?" Ine osaganiza ndinati, "Katchere khwekhwe. Ino ndiyo nyengo ya uzimba, ndiponso dimba lako siliri m'nkhalango ya Boma." Mwanayo anandimvera, pakuti mwana amamvera akulu. Anatchera waya pa mpita wa nguluwe, koma m'mawa mwache anapeza mwakodwa mbawala. Anaisenda, nandipatsa ine chiwindi monga mwa ulemu, ndipo nyama yotsalayo anakaigulitsa tsiku la msika. Patapita masiku atatu anthu a Boma anafika, napeza chikopa chiri chiyanikire pa nkhokwe, nyanga ndi waya ziri m'nyumba. Ku bwalo la milandu mnyamatayo ananena mau omwe aja ndinamuuza ine, akuti inali nyengo yosaka ndipo dimba linali lache. Mau onse awiri anagwa pansi. Kuti asalowe m'ndende tinagulitsa mbuzi zinai ndi njinga yache, ndipo chaka chimenecho munda wache sunaone feteleza.

Tsono ine sindinamnamize dala. Ndinamuuza lamulo limene ndinakula nalo, osadziwa kuti linasiya kale kugwira nchito. Pamene ndinali mnyamata, kusaka kunali ndi mwini wache ndi nthawi yache. Dzinja lonse munthu sanali kuitana uzimba, pakuti udzu unali wautali, anthu anali ndi makasu m'manja, ndipo nyama zinali ndi ana. Titakolola, titafolera nyumba, udzu utauma mu September kapena October, mwini tchire ndiye anali kunena tsiku. Wotentha tchire tsikulo lisanafike anali ndi mlandu kwa mfumu. Amuna anali kusonkhana m'mamawa ndi agalu, mauta, nthungo ndi zibonga, ndipo usiku wache aliyense anayenera kudzisunga, kuopa ngozi kuthengo. Nyama ikagwa, inali ya munthu amene anayamba kulasa. Wolasa wachiwiri anali kulandira mwendo, ndipo mwendo wina unali kupita kwa mwini dziko. Atsibweni anga, amene anali mlenje wa mfuti ya gogodela, anandiuza kuti kale lomwe njobvu ikaphedwa, nyanga yogunda pansi inali ya mfumu. Muone tsono kuti makolo athu sanali kusaka chisakesake ai.

Azungu atafika anatenga umwini umenewu naupereka kwa Boma. Mu 1897 anaika malo oyamba osungiramo nyama, ndipo amodzi mwa malowo ndiwo dambo la njobvu la ku chigwa cha Shire. Lamulo la nyama la 1926 ndilo linawawa anthu koposa, chifukwa Mzungu wa mfuti yabwino anali kugula laisensi napha nyama, pamene mbuna, ukonde ndi misampha ya anthu akumudzi zinali zoletsedwa. Ngakhale amishoni ena analitsutsa lamulo limenelo, nati nyama zikutha minda ya anthu. Lina linadza mu 1953. Atsibweni anali kuyenda pansi kupita ku boma la Dowa kukalipira mfuti yao, nabwera ndi kapepala kamene anali kusunga m'chitini cha fodya. Iwo sanali kudziwa kuwerenga, koma anali kudziwa bwino lomwe nyama ziti kapepalako kanawalola, ndi zingati. Ine mdzukulu wanga amawerenga Chingerezi, koma sanadziwe nkamodzi komwe.

Lamulo limene liripo lero ndi la mapaki ndi nyama zakuthengo la 1992, limene aphungu analikonzanso mu 2004 ndi mu 2017. Mlandu utatha ndinapempha mphunzitsi wina wopuma kuti andimasulire mau ache, ndipo tinakhala pansi pa mtengo wa mango masana awiri. Mau oyamba amene anandidabwitsa ndi akuti kusaka. Ife timati munthu wasaka akabwera ndi nyama pa phewa. Lamulo likuti kuyesa kokha kupha, kulasa kapena kugwira nyama, ndiko kusaka kale. Chotero tsiku limene mwana uja anamanga waya ku mtengo, mbawala isanafike nkomwe, iye anali atasaka.

Mau achiwiri ndi a magulu a nyama. Pali zimene Azungu amati game species, ndizo nyama zowerengeka zimene munthu angathe kuzisaka ngati ali ndi laisensi. Pali zotetezedwa, pali zimene ziri pafupi kutha, ndipo pamwamba pa zonse pali gulu lochedwa listed species, m'mene muli njobvu, chipembere ndi ngaka. Maina a gulu liri lonse amalengezedwa ndi nduna mu Gazette ya Boma, ndipo angathe kusintha, chotero musadalire zimene munamva zaka khumi zapitazo. Kuyambira 2017 munthu wopezeka ndi mlandu pa nyama za gulu lapamwambalo angathe kukhala m'ndende kufikira zaka 30. Ndikuchenjezeni makamaka pa ngaka, chifukwa ndi kanyama kofatsa kamene mwana angathe kukatola ndi manja kakadzipinda. Kale tikaona ngaka tinali kupita nayo kwa mfumu. Lero kuli anthu oyendayenda amene amanong'oneza anyamata kuti ngaka ndi chuma, koma amene amagwidwa nayo m'thumba ndi mnyamata wakumudzi, pamene wonong'onezayo ali kutali.

Nanga nyengo? Apa ndipo ndinalakwa ine. Mau akuti closed season atanthauza masiku amene nduna yatseka kusaka kwa nyama yakutiyakuti, ndipo m'masiku amenewo ngakhale mwini laisensi aika mfuti pansi. Koma masiku otsekawo akatha, sikuti khomo latsegukira munthu aliyense ai. Latsegukira yekhayo amene ali ndi pepala, pa nyama zolembedwa pa pepalapo, pa chiwerengero chache, ndi pa malo ochulidwawo. Kwa ine ndi inu amene tiribe pepala, miyezi yonse 12 ndi yotseka, ngakhale tchire lipse chotani. Malaisensi nawo ali mitundu mitundu: ya mbalame iri payokha, ya nyama payokha, ya mlendo wochokera kunja payokha, ndiponso ya mlenje wa nchito amene amaperekeza ena. Pepala la mfuti la ku polisi si laisensi yosakira. Ndiponso laisensi ya mnzako siikhala yako pobwereka, monga tibwerekana khasu.

Mwina ena a inu munamva kwa abale a ku Chipata kuti ku chigwa cha Luangwa alendo olemera amapha njati ndi nyama zina zazikulu m'chilimwe. Nzoona. Dziko la Zambia liri ndi malo ozungulira mapaki ao, monga Lupande, kumene Boma limawerenga nyama zoti ziphedwe pa chaka, chiwerengero chimene amachicha quota, ndipo mlendo amalipira ndalama zambiri pa nyama imodzi. Ku Tanzania nyengo yotere imayamba pa 1 July. Koma zimenezo nza kwao. Kuno ku Malawi kulibe mwezi umene munthu angagule pepala lakuti akaphere njobvu kapena mkango mwa masewera.

Ngakhale mwini laisensi ali ndi zomletsa, ndipo pomva zimenezi ndinaona kuti uzimba wathu wonse unathera pomwepa. Kusaka ndi moto nkoletsedwa. Msampha, khwekhwe, ukonde ndi mankhwala akupha nzoletsedwa. Kusaka usiku ndi nyali yothobwa nyama m'maso nkoletsedwa, chimodzimodzi kuthamangitsa nyama ndi galimoto. Mwana wa nyama woyamwa, ndi make amene akuyenda naye, saphedwa. Apa pokha lamulo la Boma ndi la makolo agwirizana ndithu. Za waya sindidandaula, pakuti waya sasankha. Ndinaonapo galu wa mnansi wanga atadukira mwendo m'khwekhwe la munthu wina, ndipo mbuzi zimene zafera m'mawaya m'mapiri muno palibe anaziwerenga.

Mudzandifunsa kuti, nanga nguluwe zikamatha chimanga tizingoyang'ana? Funso limeneli ndi lolungama, ndipo kunena zoona amene analemba lamulo sagona m'chilindo usiku wa mvula. Komabe lamulo silinatisiye manja ali m'khosi. Limalola munthu kupha nyama podziteteza, poteteza mnzache, ziweto kapena mbeu, ngati palibenso njira yina. Koma pali zinthu ziwiri zimene mdzukulu wanga sanachite. Choyamba, ukapha nyama yotere uyenera kukanena msanga kwa anthu oyang'anira nyama kapena ku polisi. Chachiwiri, nyamayo siikhala yako. Ndi ya Boma kufikira iwo atanena chochita nayo. Mwana uja akadaisiya mbawala pomwepo nathamangira kwa mfumu kuti akanene, mwina bwenzi nkhani iri yina. Iye anathamangira ku msika.

Kukanena msanga kumeneku musakuyese chipongwe cha Boma, makamaka pa zirombo zoopsya. Inu a ku Dowa mukumbukira chaka cha 2003, mwezi wa March, pamene chirombo china chinapha anthu atatu ndi kuvulaza 16, ndipo anthu ngati 4,000 anathawa m'midzi yao nakagona ku boma. Chaka cha 2002 chirombo chotere chinali chitapha anthu asanu chisanaombedwe, ndipo oyang'anira nyama anati anali fisi wachiwewe, ngakhale ambiri kumudzi sanabvomereze. Chirombo cholasidwa chikathawira kuthengo chimaposa pamenepo ukali, nchifukwa chache lamulo likuti wolasa nyama yoopsya, ikampulumuka, akanene msanga kuti anthu achenjezedwe.

Inu a kwa Nthondo ndi ena okhala m'malire a nkhalango ya Nkhotakota muli ndi nkhani yanuyanu. Kale m'nkhalangomo munali njobvu zoposa 1,500, koma opha mozemba anazitha kufikira zinatsala zosakwana 100. Mu 2015 Boma linapangana ndi bungwe la African Parks kuti liziyang'anira malowo, ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsa njobvu ngati 500 pa malole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, namanga mpanda wa waya wa magetsi. Wodula waya ameneyo kuti akapange makhwekhwe adziwe kuti watsegulira njobvu njira ya ku munda wa mbale wache. M'kati mwa nkhalango yotere, kungopezeka ndi mfuti, nthungo kapena msampha popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale usanaone nyama ndi maso.

Mau otsiriza amene mphunzitsi uja anandimasulira ndi akuti trophy. Ine ndinkayesa kuti ndi mutu wa njati umene Azungu amapachika pa khoma. Iai, ndi chiwalo chiri chonse chokhalitsa cha nyama: nyanga, chikopa, dzino, chikhadabo, mamba a ngaka. Mukatola nyanga ya njobvu yodzifera yokha kuthengo, si mwai wanu, ndi katundu wa Boma, ndipo muyenera kukapereka. Kusunga zotere za nyama yotetezedwa kufuna kalata ya umwini.

Pomva zimenezi ndinakhala chete, chifukwa m'nyumba mwanga, pamwamba pa chitseko, pali nyanga ziwiri za mphalapala zimene atsibweni anapha ine ndisanamere ndebvu. Chitini cha fodya chija chinapsya ndi nyumba yakale, pamodzi ndi kapepala kache. Ndazitsitsa nyangazo, ndazikulunga m'chiguduli, ndipo ndapempha a mfumu kuti Lolemba andiperekeze ku boma tikafunse chochita nazo. Mdzukulu wanga ndiye adzandinyamulira, koma tidzayenda pansi kufikira ku msewu, pakuti njinga tinagulitsa.