Uinjiniya kapena Physics: mwana ayambe waiona ntchitoyo

A Mkonzi, zotsatira za MSCE zikatuluka, ana amene akhoza bwino amakhala kalikiliki kudzaza mafomu a NCHE ofunsira malo m'mayunivesite a boma. Ine ndimaphunzitsa Physics ndi masamu pa CDSS ina yakumudzi, ndipo chaka chilichonse ndimalandira funso lomweli: "Aphunzitsi, ndilembe uinjiniya kapena Physics?" Kawirikawiri makolo amakhala atayankha kale. Kwa iwo injiniya ndi bwana woyendera galimoto ya kampani, pomwe wa Physics "akathera pa bolodi ngati aphunzitsi akewo".

Mawu amenewa sandipweteka, choko ndimachikonda. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ana athu akusankha dzina la ntchito asanaione ntchitoyo ndi maso.

Maphunziro awiriwa ndi pachibale, koma si amodzi. Wa Physics amafufuza chifukwa chimene waya amatenthera magetsi akamadutsamo. Injiniya amatenga yankholo n'kuwerengera kukula kwa waya woti alowetse magetsi pachipatala nyumba osapsa. Digiri ya uinjiniya ku MUBAS ku Blantyre imatenga zaka 5, pomwe ya sayansi ku UNIMA ku Zomba imatenga zaka 4. Chaka chowonjezeracho si nkhani yaing'ono kwa banja lodalira mtedza ndi soya, ngakhale mwana atapeza ngongole ya boma.

Kuti mainjiniya akufunika, palibe angatsutse. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, tonse tinalawa kuthimathima kwa miyezi yambiri. EGENCO, ESCOM, mabungwe a madzi, a misewu ndi mafakitale a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa amalemba mainjiniya. Koma mipando ndi yowerengeka, ndipo ndili ndi anzanga amene anayenda ndi envulopu zaka zingapo asanaitanidwe.

Wa Physics naye ali ndi kolowera: kolosera zanyengo, kumakina ochiza khansa, kumagetsi a dzuwa onga a ku Salima ndi ku Golomoti. Chilungamo chake n'chakuti zambiri mwa ntchitozi zimafuna kuwonjezera maphunziro. Wa digiri imodzi nthawi zambiri amayambira m'kalasi, komwenso akusowa kwambiri. Pasukulu pathu ndimaphunzitsa Physics ndekha kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, labu tilibe, mabatire ndi timababu ndimagula ndi ndalama za m'thumba.

Chaka chatha mtsikana wina wa m'kalasi mwanga anakhoza bwino kwambiri. Bambo ake ankafuna uinjiniya wa misewu, iye ankati Physics chifukwa ndi phunziro limene ankalimva msanga. Ndinapempha mmisiri amene ankaika pampu yoyendera dzuwa pamjigo wa m'mudzi woyandikana nafe kuti amutenge kwa sabata imodzi. Mwanayo anabwerako manja atada, akufunsa chifukwa chake madzi amachepa kukachita mitambo ndiponso mmene angakonzere vutolo. Pafomu anayamba ndi maphunziro a magetsi a dzuwa ndi mphepo a ku Mzuzu University, omwe iye ndi bambo ake anali asanawamvepo.

Njira zoterezi zilipo zingapo. Ku MUST ku Thyolo kuli uinjiniya wa zipangizo zachipatala komanso maphunziro a zanyengo. Ku LUANAR ku Bunda kuli uinjiniya wa ulimi wothirira. Amene mapointi sanamukwanire asanyoze makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa ndi Namitete.

Makolo anzanga, fomu ija isadzazidwe usiku umodzi. Mwana akacheze ndi wogwira ntchito imene akuifunayo, amufunse zimene amachita kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiponso kuti anadikira nthawi yaitali bwanji asanalembedwe. Ife aphunzitsi tiwathandize kupeza anthu oterowo, poti kumudzi kuno mwana amatha kumaliza Fomu 4 asanapatsanepo moni ndi injiniya.

Mphunzitsi wa sayansi,
Ntchisi