Mapazi a ku Durban

Ndili paulendo ku South Africa ndinakacheza ku uShaka Marine World, malo achisangalalo amene anatsegulidwa mu 2004 m'mphepete mwa nyanja, mumzinda wa Durban. Pamalopa pali nsomba zikuluzikulu zoonera pagalasi ndi maiwe osambiramo. Popeza pansi pamanyowa, alendo ambiri amatandala tsiku lonse atavala mapatapata.

M'sitolo ina ya pomwepo ndinapezamo mnyamata wa kwathu ku Angónia akugulitsa mapatapata a Havaianas, amene anayamba kupangidwa ku Brazil mu 1962. Nditamva mtengo wake, ndinakumbukira nkhwaira za matayala za pamsika wa Ulongwe. "Abusa," iye anatero, "kuno anthu sagula mphira ayi, amagula dzina."

Nayenso amavala mapatapata omwewo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mapazi ake anali otupa chifukwa chokhala chiimire. Lamlungu ndilo tsiku limene ogula amachuluka, motero kutchalitchi amapita mwa apo ndi apo.

Inu makolo, polandira ndalama za feteleza zochokera kwa ana athu ali kutali, kumbukirani mapazi amene anazivutikira, ndipo muziwapempherera anawo.