Nkhope imodzi cabe

Tsiku loyamba kuimba ku Kitwe, manja anali kunjenjemela cakuti gitala inatsala pang'ono kugwa. Munali mu kabala kena ku Wusakile, modzala na anchito a mu migodi. Nyimbo zanga zonse ni za Cinyanja, koma ku Kopala anthu amakamba Cibemba. Mumtima n'nati: tauni imene inabala WITCH na Amanaz m'ma 1970 ingamvelele ine? Pakhosi panauma, vesi yoyamba n'naiwala.

Mdala woliza ng'oma sanaleke. Ananinong'oneza kuti, "Mwaice, sankha munthu mmodzi, umuimbile yekha." Pafupi na khomo panali amai ena amene anali kugwedeza mutu. N'naimbila iwo cabe, ndipo pofika pa kolasi mau anabwelela.

Mantha sanathe. Mwezi watha ku Masala, ku Ndola, mawondo anali kugundana monga kale. Koma manje nisanakwele pa siteji nimapuma mozama kasanu, na kubweleza vesi yoyamba kuseli. Nikakwela nimayamba na "Mwapoleni mukwai", ndiye nisakila nkhope imodzi.

Iwe amene nyimbo zako zikali mu foni, usayembekeze mantha kuti asile. Kwela nawo.