Mngoni wa m'kaundula

Kalembera wa 2018 anandipeza kwathu ku Edingeni. Mnyamata wowerenga anthu atafunsa agogo mtundu wawo, iwo anati ndi Mngoni weniweni. Anayankha m'Chitumbuka, ine n'kuseka chamumtima.

Kalemberayo anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, 10 ndi Angoni. Sitili ochepa ayi. Makolo athu anawoloka Zambezi mu 1835 ndi Zwangendaba mpaka kukafika ku Ufipa. Iye atamwalira anagawikana, a M'mbelwa kuno ku Mzimba, a Mpezeni ku Chipata. Monse ankadutsa ankatenga anthu n'kukwatira akazi a mitundu ina. Tinachuluka choncho, chilankhulo n'kutheranso momwemo, poti mwana amayamwa mawu a mayi ake.

Si ife tokha. Ku United States, anthu a mtundu wochokera kumaiko olankhula Chisipanishi anakwana 62 miliyoni mu 2020, ochuluka ali ku California ndi Texas, koma zidzukulu zawo zambiri zangotsala ndi Chingerezi.

Ine Chingoni ndimachiimba pa ingoma basi. Tsiku lina mwana wanga, wobadwira ku Ndirande, anandifunsa tanthauzo la nyimbo ina. Ndinamutuma madzi akumwa.