Nyumba ya Miyala ya ku Khondowe

Amayi anzanga, ku Livingstonia m'boma la Rumphi ndinaloŵa m'nyumba ya miyala imene Dr Robert Laws anamanga mu 1903 nakhalamo mpaka 1927. Mu 1959, boma la atsamunda litafuna kusamutsa azungu a pamishoni, anthu anandanda miyala pabwalo pake, kulemba Aefeso 2:14 kuti a m'ndege aŵerenge kuti sadzapatukana. Lero muli zinthu zakale zoonetsa alendo. Yaima chiimire chifukwa alipo oikonza denga likadontha.

Ine ndinatulukamo ndi manyazi, pokumbukira nyumba ya agogo anga imene tinailekerera mpaka chipupa chinagwa ndi mvula. Chilimwe chino tikuumba njerwa kuti tiidzutse. Nanga inu, ya makolo anu mudzaifolera liti?