Kanyenyezi kakakana ntchito

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munachoka pano mukudziwa kulemba ls ndi cd, lero tikambeko za kanyenyezi aka: *.

Ambiri timayesa kuti tikalemba rm *.jpg, ndiye kuti rm ikufufuza yokha mafayilowo. Sizili choncho ayi. Shell, monga Bash, ndi imene imayamba yachotsa kanyenyeziko n'kuikapo dzina la fayilo iliyonse, kenako n'kupereka mndandanda wonse kwa rm. Mafayilo akakhala 40 palibe vuto. Koma akachulukitsitsa, mndandandawo umapyola malire amene Linux inaika, ndipo kompyuta imangoyankha kuti "Argument list too long".

Malirewo amatchedwa ARG_MAX, ndipo amawerenga kukula kwa mayina onse pamodzi, osati kuchuluka kwa mafayilo. Kale anali mabayiti 131072 basi. Kuchokera pa kernel 2.6.23 ya 2007 anawakuza, moti makompyuta ambiri mukalemba getconf ARG_MAX amaonetsa 2097152. Akula ndithu, koma kudzaza amadzazabe.

Ine zinandipeza kumapeto kwa teremu. Kompyuta yaikulu ya mu labu yathu inadzaza, malikisi sakusungika, chonsecho makolo akudikira malipoti. Foda imodzi inali itadzaza zithunzi zimene ana anakhala akuunjika kwa zaka, ndipo momwemonso munali mapulojekiti a Fomu 4. Mnzanga wina atatopa anati tingofufuta foda yonse. Ndinakana, chifukwa chimene rm yafufuta sichipita mubini ayi, chapita chapita, ndipo thukuta la mwana silibwerera.

Mankhwala ake ndi find. Ndinayamba ndi ili:

find . -maxdepth 1 -name '*.jpg' -print

Taonani timakoma tiwiri tozinga *.jpg. N'tofunika zedi, chifukwa timaletsa shell kutambasula kanyenyezi. Motero find imalandira kamawu kamodzi kokha n'kumayang'ana mafayilo payokha. Nditaona ndi maso anga kuti mumndandanda mulibe ntchito ya mwana aliyense, ndinasintha -print kukhala -delete.

Ngati mukufuna kungosamutsa, lembani:

find . -maxdepth 1 -name '*.jpg' -print0 | xargs -0 mv -t /backup/

Ntchito ya xargs ndi kugawa mayina m'mitolo yokwana kunyamula. Paja amati pang'onopang'ono ndi mtolo. Musaiwale -print0 ndi -0, poti ana athu amakonda mayina okhala ndi mipata, monga "Ntchito ya Fomu 3.jpg", ndipo popanda ziwirizi xargs imaliduladula dzinalo ngati mafayilo anayi.

Pempho langa kwa inu ophunzitsa makompyuta ndi lakuti ana adziwe amene amatambasula kanyenyezi tisanawaphunzitse rm. Inunso ana anga amene mukusunga maseva kuntchito kwanu, -print patsogolo, -delete pambuyo. Ndatha ine mphunzitsi wanu.